Dzanja Lamanzere la a Warren

Ntchito yanga yoyamba kuno ku America anandipezera a Mwansa, mnzanga wa ku Lusaka amene tinkakhala moyandikana m'tauni ya Laurel. Iwo ankayendetsa galimoto yonyamula petulo pa kabwalo kena ka ndege kunja kwa tauni. "Kuli ba mudala bafuna muntu wogwila nchito ya manja," anatero. "Koma sibakhulupilila muntu."

Mdalayo anali a Warren, mzungu wa imvi mbuu amene anayendetsa ndege moyo wake wonse. Atapuma pantchito ankasunga ndege zakale, zija za mapiko awiri osanjikizana, okutidwa ndi nsalu yopaka penti. Loweruka ankakweza anthu n'kukawazungulitsa m'mwamba.

Miyezi yoyamba ndinkaona ngati akundiyesa chitsiru. Ndikamanga bawuti n'kuikoleka waya woti isamasuke, iwo ankabwera ndi pulayala kudzakoka wayayo. Ndikakhetsera petulo m'kabotolo kuti ndione ngati muli madzi, ankataya n'kukhetsa wawo. Ndinadandaulira mkazi wanga kuti mkuluyu akundikayikira chifukwa cha khungu. Kenaka ndinazindikira kuti ngakhale ntchito yawo yomwe ankaibwereza chimodzimodzi. Ndi iwo anandiphunzitsa kusoka nsalu ya phiko, ndiponso kuliza injini popukusa pulopela, chozungulira cha kumphuno kwa ndege, ndi manja osadulidwa zala.

Patapita zaka, amene anayamba kukayika ndi ine. Dzanja lawo lamanzere linasamukira m'thumba. Sipanala inkawapulumuka, iwo n'kumanamizira oilo. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwamangire lamba wa chipewa chawo chachikopa, ati chomangira chake chalimba. Atachoka ndinachiyesa, chinali bwinobwino. Ndinayamba kuwazonda, ndipo iwo anadziwa, chifukwa analeka kugwira ntchito ine ndili pafupi. Komabe umboni ndinalibe, komanso ndinkaopa kuchotsedwa ntchito.

Loweruka lina bambo wina anabweretsa mayi ake okalamba kuti awakweze ndege, mphatso ya tsiku lawo lobadwa. Tinawakhazika pa mpando wakutsogolo, a Warren kumbuyo. Ndinapukusa pulopela, injini n'kulira. Kenaka ndinakwera pa phiko kukaonanso malamba a mayiwo, ndipo ndinaponya diso kumbuyo. Mu ndege zimenezi chowonjezera moto wa injini chimagwidwa ndi dzanja lamanzere. Dzanja la a Warren linkanjenjemera pamenepo, linaterereka, iwo n'kulibwezera ndi lamanja.

Nditatsika, anandipatsa chizindikiro choti ndichotse matabwa otsekera mateyala. Sindinasunthe. Anabwereza. Ine ndinadutsitsa dzanja pakhosi, kutanthauza kuti azimitse injini. Mwana wa mayiwo anayamba kukalipa ali kumpanda, kufunsa kuti wantchitoyu akuchita chiyani. A Warren anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, mphepo ya pulopela ikundimenya kumaso. Kenaka injini inazima.

"Pepani mayi, lero sitiuluka," anatero. Sananamizire ndege kapena nyengo.

Titalowa m'shedi yosungiramo ndege anatseka chitseko. "Yusufu, wakhala ukundizonda."

"Inde, bwana."

"Unayamba liti?"

"Tsiku la lamba wa chipewa lija."

"Pita kunyumba."

Ndinakhala pakhomo masiku angapo foni osalira. A Mwansa anandiuza kuti ndiyambe kusaka kwina, munthu sachititsa bwana wake manyazi pagulu n'kubwereranso. Nanenso ndinkadzifunsa ngati ndinaonadi bwino, kapena kunali kugwedera chabe kwa injini.

Amene anaimba anali mwana wamkazi wa a Warren. Anati madokotala apeza matenda a m'mitsempha, ndipo bambo ake asiya okha kuyendetsa ndege. Anatinso a Warren akufunsa chifukwa chake sindikubwera, pomwe pali phiko likudikira kusokedwa.

Ndinabwerera. Kuyambira pamenepo a Warren ankakhala pa mpando wopinda pakhomo la shedi n'kumandilondolera ndi mawu. Sanandithokoze, sanandidzudzule, ndipo za Loweruka lija sitinazikambepo mpaka anamwalira chaka chatha.

Lero ndege zawo akuyendetsa ena, ine ndikadali wochotsa matabwa pa mateyala. Oyendetsa atsopano ndimawauziratu tsiku loyamba kuti ndikakayika kanthu, kaya pa ndege kaya pa iwo, matabwa sindichotsa. Ena amaseka, ena amakwiya. Ndikalakwitsa tidzakangana m'shedi, tonse tili moyo.