Tsiku Limene Amalume Anachoka Kumphuno ya Bwato

Tinanyamuka ku Tsangano 6 koloko m'mawa, kukuzizira moti tambala amene ndinamupanira m'khwapa atayesa kulira, mawu anatuluka ataundana. Ndinawatola ndekha pansi. Tinali atatu: amalume a Ngozo, nkhoswe yaikulu, mlongo wanga Nachisale, ndi ine, nkhoswe yaing'ono, munthu amene ndinagwirapo ntchito pa sitima ya pamadzi yonyamula katundu ku Beira zaka zisanu ndi ziwiri. Timapita ku Bwanje ku chinkhoswe cha Madalitso, mwana wa Nachisale. Sabata yathayo mvula inatilepheretsa, ndipo akuchikazi anatumiza mawu oti tikapanda kufika 2 koloko isanakwane, mnyamatayo akafune mkazi kwawo komweko kwa alimi a kachewere.

Pa lole yopita kumsewu wa tala, K5,000 aliyense, amalume anakhala kutsogolo. M'minibasi, kutsogolonso. Chibadwireni sanakhalepo kumbuyo kwa munthu, kaya ndi kutchalitchi kaya pamaliro. Thupinso Mulungu sanawamane. Tsiku lina anakwera pa sikelo ya ogula mbatata, sikeloyo inapepesa. Mboni zilipo.

Pa Nsipe tinatsika cha m'ma 11, n'kudya tchipisi cha pachiwaya. Mayi wogulitsa tomato atamva komwe timapita anati, “Mtsinje wadzadza kumeneko, achimwene. Mlatho uli pansi pa madzi, anthu akuwoloka pa bwato.” Nachisale, amene madzi ambiri amawadziwira mu ndowa, anayamba kuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ine mtima unangoti myaa.

Njinga zamoto zinatitsitsira kuchigwa pa K8,000. Majuzi tinavula m'njira. Pamtsinje tinafika 1 koloko, n'kupeza bwato losema ndi mwini wake, bambo Saidi. Tisanamalize moni, amalume anali atalowa kale n'kukakhala kunsonga kwenikweni, ndodo pamiyendo. Kutsogolo kwa bwato kunamira mpaka madzi kuyamba kulowa, kumbuyo n'kunyamuka ngati mchira wa nankalizi.

“Agogo, tasunthirani kumbuyo kuno,” anatero bambo Saidi.

“Kumbuyo kwa yani? Kwa ana a mlongo wanga? Mumandidziwa ine?”

“Sindikudziwani, koma mtsinjewu ukudziwani posachedwapa.”

Amalume sanasunthe. Bambo Saidi anakhala pamchenga n'kuyamba kusenda mzimbe. “Ine sindiwolotsa maliro,” anatero. Nthawi inali 20 pasiti 1, ndipo tsidya linalo timamva ng'oma.

Kuwauza amalume kuti akulemera kukanakhala kuthetsa ukwati ndi chibale tsiku limodzi. Ndinapatsira Nachisale tambala, n'kunjuta m'mphepete mwa bwato.

“Ngozo, ndiloleni ndikuuzeni za kuntchito kwathu. Nsonga imene mwakhalapoyi, yong'amba madziyi, ife timati mphuno. Mbali ziwirizi ndi masaya: la kumanzere mukayang'ana kumphuno ndi poti, la kumanja sitabodi. Pa sitima yaikulu, kuseri kwa mphuno kuli kachipinda kotchedwa fokaso. Mmenemo mumasungidwa zingwe ndi unyolo wa nangula, ndipo ndi mmene amagonamo anyamata ongolembedwa kumene. Ine ndinagonamo chaka chathunthu. Funde linkandiponya m'mwamba Lachiwiri, n'kudzatera Lachitatu. Pali mayi anga kumanda.”

“Nanga mkulu wa sitimayo amakhala kuti?”

“Kaputeni? Kumbuyo, amalume, pamene amaona aliyense koma iye osaonedwa. Kumphuno ndinamuonako kamodzi kokha, atabwera kudzakalipira munthu.”

Amalume anayang'ana madzi amene anali atawafika m'nsapato. “Ndiye kuti kuno n'kwa aganyu?”

“Kwa aganyu ndi nangula.”

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kugogoda bwato ndi ndodo. “Ndimangofuna ndione ngati mtengowu uli wolimba. Ndi wolimba.” Anakakhala cha kumbuyo, pafupi ndi bambo Saidi, mphuno ya bwatolo n'kudzuka ngati ya munthu wolandira penshoni.

Kumphunoko ndinakhalako ine, kuyang'ana zitsa zobwera ndi madzi. “Chitsa kupoti!” ndinakuwa motero, monga ndinkachitira kale.

“Lozani ndi chala, bambo,” anatero bambo Saidi. “Kuno si ku Beira.”

Ndinaloza ndi chala, koma chala cha munthu wodziwa ntchito.

Tinalowa m'mudzi kutatsala mphindi khumi kuti 2 koloko ikwane. Madalitso, amene anatsogola Lachinayi, anali ataima pamsewu, tayi itanyowa ndi thukuta. Tinapereka tambala, akuchikazi n'kutipatsa thadzi, nthungululu zinamveka mpaka m'minda ya mpunga. Pa chakudya ndinamva amalume akufotokozera atate a mkwatibwi, mokweza ndithu, kuti munthu wozindikira sakhala ku fokaso.

Zaka zonse zija abale ankati kunyanja ndinangobwerako ndi mabodza ndi chipewa. Tsiku limenelo ndinaona kuti mawu atatu anayi a kuntchito akhoza kunyamula munthu amene amuna anayi sangamunyamule, ulemu wake osagwa pansi. Madalitso ali pabanja mpaka lero, ndipo mpunga umene timadya ku Tsangano sitigula.