Annet ndi tinyumba ta dothi la pachulu

Annet Fanuel anabadwira m'komboni ya pa famu ya fodya kufupi ndi Raffingora. Agogo ake anachokera ku Dedza kalekale, ndipo bambo ake mpaka lero amasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Nyumba imene anakuliramo inali ya malata, ya kazenera kamodzi. Mwezi wa Okutobala munkatentha moti masana ngakhale nkhuku sizinkalowamo.

Atapita ku koleji ku Chinhoyi kukaphunzira zolemba mapulani a nyumba, anapeza kuti kujambula papepala si mathero a ntchito. Nyumba iliyonse imene wajambula uyeneranso kuimanga yaing'ono, yonyamula m'manja, kuti anthu aone makoma, denga ndi zitseko mmene zidzakhalire. Anzake ankagula makatoni oyera ndi guluu m'tauni. Nayenso anayamba choncho, koma mtima sunakhazikike.

"Katoni sindiuza kanthu," anatero kwa Believe, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Kwathu ndani adzamange ndi katoni? Ine ndifuna ndione chimene dothi lichite."

Pa tchuthi anatenga khasu n'kukakumba dothi pachulu kuseri kwa mabalani. Chikombole chake chinali bokosi la machesi. Tinjerwa toyamba titauma tinang'ambika tonse. Anathiramo mchenga, tinayamba kufumbutuka m'manja. Kenaka anaduladula ulusi wa khonje n'kukanyira m'matopemo, ndipo ulendo umenewu kanjerwa anakagwetsa pansi, koma sikanasweke.

Bambo ake ankangomuyang'ana. "Sukulu yonseyi, mwanangu, kuti uzidzasewera ndi matope?"

"Ababa, dikirani muone," anayankha osatukula mutu.

Atamanga kanyumba ndi tinjerwato, denga analifolera ndi makoko a chimanga, n'kumata ndi phala. Kutacha anapeza makoswe adya theka la denga. Amayi ake anaseka mpaka misozi, amvekere, "Unawaphikira wekha, ukudandaula chiyani?" Annet nayenso anaseka, n'kupita kukakanda utomoni pa mtengo wa mthethe. Umenewo makoswe sanaufune.

Kanyumbako anakapatsa timabowo m'munsi mwa khoma ndi mpata wautali pamwamba pa denga, kuti mphepo yozizira izilowera pansi, yotentha izitulukira kumwamba. Pobwerera ku koleji anakwera nako minibasi atakafungatira pamiyendo, ndipo msewu wonse ankachenjeza aliyense woyandikira ndi chigongono.

M'kalasi anayatsa kansanza, n'kukazimitsa kuti kazifuka, n'kukaika pafupi ndi timabowo tija. Utsi unalowa, ndipo posakhalitsa unayamba kutuluka padenga ngati ulusi. Anzake anaomba m'manja. Aphunzitsi, Mai Marufu, anazungulira tebulo, kenaka anatenga botolo la madzi loboola pachivindikiro.

"Mphepo waimvetsa," anatero. "Tsopano tione mvula."

Anawaza madzi chopendeketsa, ngati mvula yamkuntho. Denga linali lalifupi, madzi anamenya khoma, ndipo m'munsi munayamba kusungunuka mpaka chitseko chinapendama. Annet anagwada, maso pafupi ndi khoma, kuyang'anitsitsa pamene matope akuyenderera.

"Mai, thiraninso mbali iyi," anapempha. "Ndifuna ndione poyambira kugwa."

Kanyumba kachiwiri anakaimika pa maziko a timiyala, denga analitalikitsa kuti litchinge khoma, ndipo kunja anakazira ndi dothi losakaniza ndi laimu pang'ono. Mai Marufu anathirapo botolo lonse. Madzi anangotsetsereka n'kudzaza tebulo. Kanyumbako anakaika pashelefu ya m'kalasi kuti ophunzira atsopano aziona.

Panopa Annet ali m'chaka chomaliza. Manja ake ndi okakala, zikhadabo zake sizichoka dothi, ndipo pansi pa bedi lake pali mabokosi a tinjerwa ta mitundumitundu: tina ta utuchi, tina ta phulusa, tina ta mapesi a fodya opunthidwa. Mwezi wathawu Mai Loveness, amene amalima matimati pa munda wina wogawidwa ndi boma pafupi ndi kwawo kwa Annet, anabwera kudzamupempha kuti awamangire kachipinda kozizira kosungiramo matimati podikira galimoto yopita kumsika.

"Tiyambe mawa kukumba maziko?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, amayi. Ndiyambe ndakupangirani kakang'ono. Mukaone, mukagwire, munene pamene simukufuna. Kugumula khoma la pa tebulo sikuwawa."

Mayiwo anavomera, n'kumutenga kuti akaone malowo.