Juzi ya Mayi ndi Mpando wa Fulorini

Juzi ya mayi inali yobiriwira, yonunkha sopo ndi utsi wa mbaula. Ndinkaiyembekezera kuyambira ndili wamng'ono. Nditakula mpaka kundikwana, anaivala wina.

Chaka chimenecho, mphepo ya Juni itayamba kuwomba kuchokera kumtsinje, amalume anafika kwathu ku Nangongwe ndi mwana wa mayi aang'ono, mtsikana wamsinkhu wanga, wowonda, wachikwama chimodzi. Anangoti amayi ake akudwala kumudzi. Mawa lake juzi inali pathupi pake, ndipo anamulembetsa m'kalasi mwathu.

Aphunzitsi a kemisitiri anali ndi njira yawoyawo. Ankasandutsa mipando yathu kukhala tchati cha maelementi, aliyense n'kutenga dzina la pamene wakhala. Amvekere maatomu awiri akagwirana amagawana maelekitironi, koma sakoka mofanana. Mphamvu yokokayo imakula ukamapita kumanja, imachepa ukamatsika. Mlendo uja, poti anali wamfupi, anamukhazika kutsogolo chakumanja, nakhala Fulorini, wokoka kuposa onse. Ine wamtali ndinali kumbuyo kumanzere, Potaziyamu, amene amangotaya chake.

Anatipatsa chingwe, ine ndi mtsikana uja, kuti tikokane tionetse kalasi. "Iwe Potaziyamu, usalimbe, lekerera," anatero aphunzitsi. Ndinalekerera, anzanga akuseka, m'manja mukutentha.

Kunyumba zinali zomwezo. Mayi ankayamba kuluka tsitsi lake, langa likadikire. Pobwera kumsika, chitumbuwa chachikulu chinali chake. Ndinkayang'ana zala za mayi zikuyenda m'mutu mwake. Nditadandaula, mayi sanatukule n'komwe maso. "Iwe uli na ine," anatero. Ndinaona ngati akundinyoza. Ngakhale lero, ndili ndi anga ana, ndikaona juzi yobiriwira pasalaula, pogulitsa zovala zovalidwa kale, mtima umandilasa.

Pamayeso anafunsa chifukwa chimene fulorini amakokera chotero. Ndinalemba ndi mkwiyo wonse kuti ndi wamng'ono, ndiponso wapereweredwa elekitironi imodzi kuti akwanire. Zotsatira zitatuluka, ndinaposa kalasi yonse, ndinaposa ndi iye yemwe, ndipo ndinathamangira kunyumba kuti mayi aone ine poyamba.

Ndinapeza amalume atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. M'nyumba mayi anali atamukumbatira mtsikana uja, akumumanga mabatani a juzi limodzilimodzi mpaka m'khosi, ngakhale dzuwa linali litatentha. Ndinaima pakhomo pepala lili m'manja, ndikudabwa kuti bwanji palibe akufunsa kuti ndakhoza zingati. Madzulo ake m'pamene ndinamva kuti mayi aang'ono amwalira.