Nandolo pansi pa kapu

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina kufupi ndi Chiringa, kukaphunzitsa Sitandade 1. Mtima unali usanakhazikike. Kwathu ku Dedza kunali kutali, ndipo Lachisanu lililonse ndinkakwera kabaza wa ku Boma kukafunsa ngati angandisamutse.

Teremu imeneyo tinkaphunzira kugawa nambala pawiri n'kuiphatikizanso. Ndinkayala njere za nandolo eyiti pabenchi, ana n'kuwerenga, kenako n'kuvindikira zina ndi kapu.

"Panja zatsala faifi. M'kapumu muli zingati?"

Ambiri sanachedwe kutola. Koma mtsikana wina wometa mpala, wokhala kutsogolo, ankangoyang'anitsitsa kapuyo.

"Sindikuziona, madamu. Vundukulani."

Masabata awiri, yankho lomwelo. Ndinkazungulira m'kalasimo, choko chikuthyokera m'manja. Tsiku lina ndinamenya benchi, nandolo n'kumwazika pansi. Masana amenewo chakudya chinandikanika.

Lolemba lotsatira mtsikanayo anafika mochedwa, miyendo ili mbuu.

"Unali kuti?"

"Kufunafuna mbuzi, madamu. Zitatu sizinagone m'khola."

"Wadziwa bwanji kuti n'zitatu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Tili nazo eyiti. M'khola munali faifi basi."

Sindinadikire kuti akhale pansi. Ndinayala nandolo, n'kuvindikira zina.

"Izi ndi mbuzi zakwanu. Zina zalowa m'munda, sizikuoneka. Pakhomo zatsala ziwiri. Zasowa zingati?"

Anapinda zala, milomo ikugwedera. "Sikisi. Amayi akalipa."

Ana anaseka, inenso ndinaseka.

M'mawa mwake ndinayesa popanda kutchula mbuzi. Mtsikana uja anayang'ana kapu nthawi yaitali, n'kunena kuti ndivundukule. Ndinatuluka panja, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango mpaka mtima utatsika. Nditabwerera, ndinafunsa mwana aliyense zomwe amaweta kwawo. Nkhuku, abakha, nkhunda, wina anati kwawo kuli galu mmodzi yekha ndipo sasowa. Phokoso linakula mpaka ahedi anasuzumira pawindo.

"Madamu, kuno kwagwanji?"

"Tikusaka ziweto, bwana."

Anapukusa mutu n'kumapita.

Mtsikanayo anakhoza kupita Sitandade 2 akadali wofuna mbuzi pa samu iliyonse yochotsera. Papepala lake la mayeso, m'mbali mwa manambala, anajambula tinyanga ting'onoting'ono, tina atatifufuta ndi chala chonyowa.