Amayi Anachoka pa Mzere wa Feteleza

Ndinali ndi zaka khumi pamene mpingo wathu ku Simlemba unkafuna mayi wotsogolera anzake poyendera odwala ndi kuthandiza pa maliro. Inali nyengo yothirira nazale za fodya. Mapemphero atatha, a Phiri, mkulu wa mpingo, anafunsa ngati alipo wodzipereka. Amayi onse anangowerama, ena n'kumakonza mipango yomwe inali kale bwinobwino. Aliyense ankaganiza za nazale yake kudambo.

Ine ndinkasirira anzanga amene amayi awo ankakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ndinagwira chigongono cha amayi anga n'kuchikankhira m'mwamba.

"Eya, a Nachisale!" anatero a Phiri. "Ambuye akudalitseni, mayi."

Anthu anaomba m'manja mofulumira, poopa kuti angasinthe maganizo. Amayi anangondiyang'ana kamodzi.

Makuponi a feteleza atabwera, bambo anali ku esiteti, choncho kudepoti tinapita ine ndi amayi. Dzuwa linkaotcha, fumbi lili m'kamwa, mzere ukuyenda ngati nkhono. Titayandikira khomo, kunafika mayi wina wa mpingo pa njinga, ali wefuwefu.

"A Nachisale, agogo aja okhala okha aja atisiya. Palibe wowasambitsa."

"Mayi inu, akufa sathawa!" anakuwa bambo wina kumbuyo kwathu. "Feteleza ndi amene amathawa!"

Anthu anaseka. Amayi anandipatsa kuponi, namanga chitenje, n'kukwera njinga ija. Nthawi yanga itakwana, ogulitsa anandibweza, ati mwini kuponi abwere yekha. Pamene amayi ankabwererako maliro atatha, feteleza anali atatha.

Feteleza wina anafika mochedwa, chimanga chathu chitachita kale chikasu. Minda ya anzathu inali bii, wathu ukuoneka ngati wodwala. Chaka chimenecho nkhokwe inatha msanga, ndipo mlongo wanga wamng'ono anaonda mpaka kabudula ankamuvuka. Akamalira njala, ine ndinkapita kuseri kwa chigafa cha fodya, osafuna kumuona. Bambo atabwera anangofunsa kuti, "Kodi udindowo tidya?" Amayi sananditchule.

Tsiku lina tikusoka fodya, manja ali nakanaka ndi utomoni wake, ndinalephera kupirira.

"Amayi, njala imeneyi ndabweretsa ndine."

Anaseka pang'ono, maso ali pa masamba.

"Iwe, kadzanja kakoko kangadzutse mkono wa munthu wamkulu asakufuna? Ntchitoyi ndinkaifuna kalekale, koma manyazi. Ndipo pa mzere paja unandichotsa ndiwe?"

Anamanga ndawala ina ya masamba a fodya, kenaka anati, "Koma usadzamuchitirenso munthu wina. Iwe unaona mpando, katundu wake sunamuone."

Mawu amenewo sanachotse zonse mumtima mwanga. Mpaka lero, mwana wanga akasiya chakudya m'mbale, ndimaona nthiti za mlongo wanga.

Ndakula ndi manyazi a amayi, ndipo kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma ndinazindikira kuti ntchito ya mpingo imene timati ndi yaulere, pali nyumba ina imene imailipira, ndipo ana a m'nyumbamo safunsidwa. Chaka chija tonse tinawaombera m'manja amayi, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anatigawirako kambale ka feteleza. N'chifukwa chake mtsogoleri wa amayi a mpingo wathu akaitanidwa ku maliro, ine ndimabereka mwana, n'kupita kukathirira nazale yake ndisanathirire yanga.