Kolekole Yopanda Mchere

Fungo la nsomba yowotcha pa makala likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna akuzungulira kabwalo kathu ka ku Umoja, mu mzinda wa Nairobi, ngati nkhuku yosowa poikira, manja ali kumbuyo, nsapato zikukwekwesa simenti yomwe m'zaka za m'ma 1970 zija inali ikadali yatsopano. Anali bambo a bambo anga, msodzi wa ku Nkhotakota, ndipo ku Nairobi sanabwere kudzaona mzinda. Anabwera kudzanditenga ine.

Mlandu wanga unali wa pakamwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsiku lomwe anafika, atandipatsa moni, ndinayankha m'Chiswahili kuti “mzuri sana,” ndili chiimire, osagwada n'komwe. Madzulo ake anauza bambo kuti mwana wokulira m'madzi a eni amasanduka wa eni, choncho pobwerera anditenga ndikakulire kwa azakhali. Bambo, munthu woopedwa ku ofesi kwawo, anangoti, “Tamva, bambo.” Bambowo ndinawakwiyira mwezi wonsewo. Mayi ankakalirira kubafa atatsegula mpopi, poganiza kuti sitikumva.

Agogo sankatha kukhala pansi. Ankalawirira kukaima pageti, kuwerenga maminibasi odutsa omwe kuno timati matatu, kununkhiza mphepo, kudandaula kuti anthu angamange bwanji mzinda popanda madzi oti munthu n'kuyang'anapo, kenako n'kundiitana mwa nthabwala zawo zija: “Akazi anga, mwalongedza?” Ine nthabwalayo sinkandiseketsa. Chikwama ndinali nditachibisa kuseri kwa thumba la makala.

Kutatsala masiku atatu kuti tinyamuke, Mama Mwanaisha, mnansi wathu wochokera ku Mombasa, kunyanja ya mchere, anatigawira nsomba yomwe mchimwene wake anatumiza pa sitima, mu dengu la utuchi ndi madzi oundana. Anati dzina lake ndi kolekole. Inali yotambalala, yonyezimira ngati lata latsopano, chipumi chachikulu, mchira wamphanda. Agogo, omwe nsomba za kwathu ankazidziwa ngakhale atatsinzina, anaima kakasi. Anayendetsa chala m'mbali mwake mpaka kumchira, pomwe pali mzere wa mamba olimba ngati mano a sowo, ndipo anadzicheka. Anayamwa chalacho akuseka, koyamba chifikireni.

“Iyi siigona,” anatero. “Mchira uwu ndi wa mlenje. Imapirikitsa zinzake.”

Mayi atamumasulira, Mama Mwanaisha anawomba m'manja. Anati zoonadi, kolekole zimasaka m'magulu, mpaka tinsomba timadumpha pamwamba pa madzi pothawa.

Kutamidwako kunawalowa m'mutu agogo. Mayi atayatsa mbaula n'kutenga mchere, agogo anakweza dzanja.

“Apongozi, musawononge mchere. Nsombayi yabadwira mu mchere, yamwa mchere, yakulira mu mchere. Mukathira wina tiidya bwanji?”

Mayi anali ataphika nsomba za ku Mombasa zaka zambiri ndipo ankadziwa bwino lomwe. Anangobweza mcherewo mwakachetechete, n'kundiponda chala kuti ndisatsegule pakamwa.

Pakudya, agogo anatafuna nthuli yoyamba n'kuima. Anabudula ya pamimba. Anabudula ya kumutu, kenako ya pafupi ndi fupa, akusakasaka ndi zala ngati munthu wotaya singano. Paliponse panali zii.

“Ndiye kuti mchere wonse uja sunailowe?”

“Suilowa, bambo,” anayankha mayi, maso ali pansi. “Ngakhale ikalambire momwemo.”

Agogo anasiya mbale. Anatuluka, ndipo tinkamva nsapato zija zikupita kugeti, kubwerera, kupitanso. Atalowa anakhala pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Akazi anga, tandipatsani mchere.”

Sindinakonzekere chilichonse. Mantha okha ndi omwe anandipinda maondo. Ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri. “Nawu, agogo.”

Anathira, anadya nsomba yonse ya m'mbale mwawo, ndipo za chikwama sanafunsenso. Tsiku la ulendo anakwera okha. Potsanzikana anandigwira khutu n'kunena kuti, “Ndakusiyani m'madzi a eni. Ndidzabwera kudzakulawani.”

Sanabwerenso. Anamwalira patapita zaka ziwiri, ndipo ine ndakalambira kuno, tsopano ku Kitengela, kunja kwa Nairobi. Pamsika ndimanenerera m'Chiswahili, ndikapsa mtima ndimakalipa m'Chiswahili, ndipo ana anga Chichewa amangochimva, kuyankha ayi. Ndimawasowa agogo, koma kunena zoona ndimawaopabe. Ndikagula kolekole, ndimadulako kachidutswa n'kukawotcha padera popanda mchere, ndipo ndimadya ndili chiimire pakhomo la khitchini, kutafuna pang'onopang'ono monga anachitira iwo. Masiku ambiri kamakhala zii, mtima n'kukhala pansi. Koma masiku ena, sindinama, ndimamvamo kamchere.