Zimene Jailosi Sanamasulire

Jailosi anabadwira kwa Kanduku, koma mayi ake anali a ku Zobue, ku Mozambique, choncho Chipwitikizi anachita kuchiyamwira. Kwa zaka zambiri chinenerocho sichinamuthandize kanthu. Ankalima chimanga ndi mtedza, chilimwe n'kumaotcha makala. Mu 2012 kunabwera anthu oyeza modzadutsa njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala, ndipo ankafuna womasulira Chipwitikizi. Jailosi analembedwa ntchito tsiku lomwelo, n'kupatsidwa jombo ndi chipewa cholimba.

Tsiku lina zikhomo zofiira za oyezawo zinafika m'munda wa mayi Liness, amasiye okhala kutsidya kwa dambo. Mayiwo anaima patsinde pa mtengo wa msuku.

"Mundawu tengani," anauza Jailosi. "Koma auzeni abwana anuwo kuti pansi pa mtengowu pali mwana wanga. Anabadwa wakufa kale, ndiye amayi a m'mudzi anamuika pano, osati kumanda. Njanjiyo aisunthe pang'ono chabe."

Injiniya wotsogolera oyezawo, yemwe m'mawa womwewo anali atakalipa kale kuti ntchito ikuchedwa, anafunsa kuti mayiwo akuti chiyani. Jailosi anagwidwa mantha.

"Akudandaula zipatso zawo," anayankha m'Chipwitikizi.

Injiniya uja anangogwedeza mutu n'kulowa m'galimoto. Kwa mayi Liness, Jailosi anati, "Amva, akaganizira."

Pasanathe miyezi itatu katapila anazula msuku uja, ndipo pamalopo panathiridwa dothi lalitali kuposa nyumba.

Njanji itatha, eni njanjiyo anamusunga Jailosi pantchito kuti aziiyendera, kuona ngati mabawuti amasuka kapena ngati mvula yakokolola miyala. Sitima zamalasha zinkadutsa ndi mabogi ambirimbiri, nthaka ikunjenjemera. Akayandikira munda uja ankayenda mothamanga. Kutchalitchi anasiya kulandira mgonero, mpaka mkazi wake anayamba kuganiza kuti mwina pali chibwenzi.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi anamva kuti mayi Liness akudwala. Anawapeza atagona pamphasa pakhonde. Anakhala pansi n'kuulula zonse.

"Ndikudziwa, a Jailosi," anatero mayiwo. "Ndinakwatiwako ku Tete zaka zinayi nkhondo ya ku Mozambique isanayambe. Zimene munawauza abwanawo ndinamva."

"Nanga bwanji simunalankhule nokha, mayi?"

"Ndinkadikira kuti mukonza, poti ndinu mwana wa m'mudzi muno. Ndinaopanso kukuchotsetsani ntchito, ana anu anali aang'ono. Pomwe ndinkati nditsegule pakamwa, galimoto inali itanyamuka. Ndiye inenso usiku ndi usana ndimadzifunsa."

Sananene kuti amukhululukira, iyenso sanafunse. Anangomupempha kuti awasendezere mphasa kumthunzi.

Kuyambira tsiku limenelo, Jailosi akaweruka ankadutsira kwa mayiwo kukawatungira madzi ndi kuwawazira nkhuni. Ankacheza za mbuzi ndi za mvula basi. Mayi Liness anamwalira dzinja lotsatira, ndipo Jailosi ndiye anali woyamba kufika kumanda ndi khasu. Pochokera kumaliroko, Jailosi anauza mkazi wake nkhani yonse.